Kayendedwe ka Talandira

Cape Town
14 Januwale 2024

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi abambo. Ine kuno ndili bwino, kungoti mphepo ya kunoyi ndi yamwano, dzulo inandilanda chipewa pamsewu. Mvula ikugwa bwanji kumeneko? Mwayamba kuwoka mpunga kusikimu, kapena mbande zikadali kunazale?

Ndalemba papepala ndi dzanja langa monga mumafunira, popeza mumati mawu a pafoni amauluka. Kalatayi ndaijambula n'kuitumiza pafoni ya amayi aang'ono a Anjelina. Amayi aang'ono, ndikudziwa kuti muyamba ndinu kuwerenga muli pabenchi lanu la tomato ku Golomoti. Moni kwa inunso. Mukatha, mukaonetse eni ake.

Amayi, ndamva kuti kutchalitchi mumauza anthu kuti ndimakonza makompyuta. Lero ndifotokoze bwinobwino. Kampani yathu imapanga magemu, masewero aja ana amasewera pafoni ndi pakompyuta. Mugemu mumakhala munthu wochita kujambula, amene wosewerayo amamuyendetsa. Ena amajambula nkhope yake, ena zovala. Ine ntchito yanga ndi kumupatsa kayendedwe: mmene aponyere mwendo, mmene akhalire pansi, mmene achewukire akamva kuitana.

Mugemu imene tikupanga panoyi, mwini nkhani ndi mtsikana. Mudzi wawo wakokoloka ndi madzi, ndiye iye wasenza dengu la mbewu, akuyenda ulendo wautali kukafuna malo okwera oti anthu ake akadzale. Dzina ndinamupatsa ndine, Talandira. Zina zonse anamupatsa ndi anyamata a muofesi muno, ndipo chithunzi chake ndatumiza pamodzi ndi kalatayi. Muone nokha.

Mkulu wathu wa ntchito, a Peter, andilola kuti ndipange Talandira wangawanga, ndikamuonetse pa 15 Malichi. Akamukonda, alowa mugemu. Akapanda kumukonda, atsala wa pachithunziyu, ndipo ine ndikhala chaka chonse ndikumugwedezetsa chiuno.

Pempho langa ndi ili. Amayi aang'ono akujambuleni kanema pafoni, mukuyenda pamzere wa pakati pa mapuloti mutasenza mbande, monga muchitira masiku onse. Sindinaonepo munthu wodziwa kuyenda pamatope ngati inu. Musavale za kutchalitchi.

Ndine mwana wanu,
Zione

*

Bwanje
28 Januwale 2024

Zione mwana wanga,

Kalata yako yafika, ngakhale inayamba yacheza kaye masiku atatu ku Golomoti, amayi ako aang'ono akuiwerengera makasitomala. Ife kuno tili bwino. Mvula ikugwa yokwanira. Mapuloti awiri tawoka, latsala limodzi la kumunsi kwa ngalande. Abambo ako ali bwino, akungokangana ndi mbuzi za a Silvesta.

Chithunzi ndachiona. Poyamba ndimayesa foni sinamalize kutsegula, kuti zovala zikubwera m'mbuyo. Tinadikira. Anjelina anakweza foni m'mwamba kusaka netiweki, koma zovala sizinabwere.

Ukuti madzi anakokolola mudzi wawo. Anakokolola ndi zitenje zomwe, n'kumusiyira nsapato za gogoda? Ndi nsapato zimenezo pamatope a kuno sangafike ndi pangalande yoyamba pomwe. Chiuno ngati cha mavu, chakudya chimadutsa pati? Dengu walisenza popanda nkhata, khosi walipinda ngati ali kwa wojambula zithunzi. Ndipo asayerekeze kudutsa kuno madzulo, udzudzu wathu ungachite naye Khirisimasi. Abambo ako anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali ndithu, ati amafuna aone ngati dengulo ndi la nsungwi. Ndinawalanda foni. Pakhomo pano tikumutchula Nambulanda.

Za kanemazo, taleka. Kodi ku Cape Town kulibe akazi oyenda? Ine ndakula, ndipo anzanga kusikimu aziti chiyani, Esnath wayamba za mafilimu? Jambula wina.

Tandiuza, ukudya mokwanira? Za banja sindifunsa. Ndangoti udziwe kuti sindinafunse.

Ndine mayi ako,
Esnath

*

Cape Town
4 Febuluwale 2024

Okondedwa Amayi,

Moni kwa inu ndi abambo. Puloti la kumunsi lija mwamaliza?

Kalata yanu ndinaimasulira anzanga muofesi. A Peter anaseka mpaka kuvula magalasi. Atatha kuseka anati, "Amayi ako akunena zoona, koma osewera anazolowera otere, ndipo otere ndi amene amagulitsa." Ndiye nkhondo ikadalipo.

Vuto si zovala zokha, Amayi. Mumagemu ambiri mwamuna akamathamanga, amathamanga kuti akafike. Mkazi akamathamanga, amamupanga ngati akudziwa kuti kumbuyo kuli womuyang'ana. Mwamuna akaima, amaima ndi miyendo yonse iwiri. Mkazi amamuimika mwendo umodzi utapindika, msana utalowa m'kati, moti munthu weniweni ataima choncho mphindi zisanu angafune womuthowa. Mwamuna akavulala amakukuta mano. Mkazi akavulala amatulutsa mawu oti simungawamvetsere muli ndi apongozi.

Mwafunsa ngati kuno kulibe akazi oyenda. Alipo. Kampani inaitana mtsikana wina wa mafashoni, tinamuveka zovala zokhala ndi timipira toti kompyuta iziona mmene thupi likuyendera, n'kumusenzetsa dengu. Analigwira ndi manja awiri, maso ali kumapazi, akuyenda ngati wanyamula mazira a eni ake. Ndinayesa ndekha ndi beseni la mabuku m'khonde la ofesi. Linagwa kawiri. Khosi langa linaiwala, musaulule kusikimu.

Chimene ndikufuna ndi chija mumachita inu. Mutu sugwedezeka, maso ali patsogolo, manja ali pansi akugwira zina, zala za kumapazi ndizo zikufufuza polimba. Ndimachikumbukira, koma kuti ndichijambule ndiyenera kuchiona pang'onopang'ono, kambirimbiri. Chonde, kanema wa mphindi imodzi yokha.

Ndine mwana wanu,
Zione

*

Bwanje
25 Febuluwale 2024

Zione,

Makalata ako afika, ndi ija yachiwiri yondifunsa ngati ndakwiya. Sindinakwiye. Tinatanganidwa ndi kupalira, komanso foni ya Anjelina inagwera m'madzi a tomato, inakhala sabata ili m'thumba la mpunga. Tonse tili bwino.

Kanema uja wakakamira ndi ameneyo. Tajambula chakumbuyo chifukwa dzuwa limathobwa m'maso. Mbande zinatha, ndiye ndasenza dengu la fetereza. Umuphunzitse Nambulanda wakoyo, ndipo usandivutitsenso.

Mayi ako

*

Cape Town
27 Febuluwale 2024

Amayi,

Moni. Kanema ndamulandira, ndipo ndamuonera kokwana makumi awiri.

Chitenje ndi chanu, chija cha mbalame zobiriwira. Duku ndi lanu. Dengu ndi lathu, ndaona pamene abambo anasoka ndi waya. Koma amene ali m'katimo ndi amayi aang'ono a Anjelina.

Mwaiwala ntchito yanga. Tsiku lonse ndimakhalira kuyang'ana mmene anthu amayendera. Inu mumaponda ndi phazi lonse, iwo amayamba ndi chidendene. Inu dzanja lamanzere limakhala chete, iwo amaliponya ngati akuitana minibasi. Amayi aang'ono, mwayesetsa, koma pamphindi yomaliza munagwira dengu ndi dzanja. Mkulu wanu sanachitepo zimenezo chibadwire changa.

Poyamba ndinaseka. Kenako ndinasiya kuseka. Ndakumbukira kuti chiyambire Novembala, tikamayankhulana pafoni moonana, nthawi zonse mumakhala muli pampando pakhonde. Kale mumandizungulitsa pakhomo ponse, kundionetsa nkhuku ndi mapapaya mpaka ndimve chizungulire.

Kwachitika chiyani? Ndiuzeni zoona.

Zione

*

Bwanje
3 Malichi 2024

Mwana wanga Zione,

Choyamba landira moni. Ndine bambo ako. Kalata ino ndatumiza pafoni ya a Silvesta, oyandikana nafe, kuti isadzere ku Golomoti. Ukaiwerenga usatchule dzina langa.

Kalata yako yomaliza amayi ako anaiwerenga, ndipo sanadye bwino tsiku limenelo. Anandiletsa kukuuza, koma ndaona kuti wadziwa kale theka.

Mwezi wa Novembala, tsiku lokonza ngalande, amayi ako anaterereka ndipo bondo lamanja linapotokola. Linatupa. Anathowa ndi madzi otentha, kutupa kumachepa n'kubwereranso. Kusikimu akumapita pa kabaza, koma amatsikira pamtengo wa mango uja kuti anzawo awaone akufika wapansi. Kuwoka anawoka ndi anthu aganyu, iwo akuloza.

Kuchipatala akukana. Akuti amuna a mnzawo wina anapita ndi mwendo n'kubwerako alibe. Ndinawauza kuti amene uja anali ndi matenda a shuga, koma sakumva. Chachiwiri akuti iwe ukadziwa usiya ntchito n'kubwera, pamene unavutikira sukulu zaka zonse zija.

Zoti Anjelina avale chitenje chawo ine ndinakana, koma pamsonkhanowo ndinali ndekha mwamuna.

Usade nkhawa kwambiri. Pakhomo pano akuyenda bwino ndithu, ine ndimawaona. Madzi akutunga, kuphika akuphika. Ndiye mwina si chachikulu. Koma uwalembere, iwe amakumvera.

Ndine bambo ako,
Bonifasi

*

Cape Town
4 Malichi 2024

Okondedwa Amayi,

Moni. Za bondo ndamva. Musafunse amene wandiuza.

Miyezi inayi, Amayi. Ine ndikukulemberani za nsapato za munthu wa mukompyuta, ndikukukakamizani kuyenda pamatope mutasenza katundu, inu muli ndi bondo lotupa. Mukanangonena mawu amodzi. Dzulo ndinakhala pamaso pa Talandira tsiku lonse osamusuntha ndi chala chomwe.

Ndafunsa kale za basi. Imanyamuka Lachisanu ku Joni, Lamlungu ndili pa Golomoti. Ndikakwera imeneyo, pa 15 Malichi sindidzakhalapo, ndipo Nambulanda adzalowa mugemu mmene alilimo, ndi gogoda zake. Dziko lonse lidzamuona, ndipo pansi pake padzalembedwa dzina la mwana wanu.

Ndiye sankhani. Mupite kuchipatala ku Mua sabata ino, amayi aang'ono anditumizire chithunzi cha buku lanu la kuchipatala adokotala atalembamo, kapena ndibwere ndidzakuperekezeni ndekha. Buku likhale lanu. Dzina ndidzaliwerenga.

Kanema uja musiyeni. Ndipeza njira ina.

Ndine mwana wanu wosamva, monga munandilerera,
Zione

*

Bwanje
7 Malichi 2024

Zione,

Basi imeneyo usakwere. Chithunzi cha buku ndi chimenecho, werenga dzina mpaka ukhute.

Amene anakuuzayo ndamudziwa. Chiyambire Lamlungu akundigulira mandasi osawapempha.

Tinapita Lachitatu ndi Anjelina. Njira yonse ndimayang'ana mwendo wanga ngati ndikutsanzikana nawo. Dokotala wake ndi mtsikana wa msinkhu wako, wa timagalasi. Analigwiragwira bondo, analipinda uku ndi uku, n'kufunsa kuti ndinagwa liti. Nditanena anavula magalasi.

"Amayi, Novembala wa chaka chatha?"

Ndinati inde.

"Ndiye mwabwera bwanji lero?"

Ndinati mwana wanga akufuna kuveka munthu zovala. Sanamve, ndipo sindinafotokoze.

Akuti mtsempha unavulala ndipo m'bondomo munadzaza madzi. Anawapopa ndi jakisoni. Sadula. Andimanga bandeji, andipatsa ndodo, ati ndipume masabata asanu ndi limodzi kenako ndizikapita kokawongola mwendo. Ati ndikanachedwanso, bondo likanauma. Pamenepo ndiye ndakuthokoza, koma usazolowere.

Tsopano za kanema. Wati ndimusiye, koma alipo, ndipo ulendo uno ndine ndemwe. Tisanalowe kwa dokotala, pageti panali amayi a kwathu kuno atatu, odikirira odwala. Ndinamuuza Anjelina kuti andijambule ndikuwadutsa, jumbo ya zovala ili pamutu, kuti nkhani ithe. Ndinawadutsa bwinobwino, moni ndinapereka. Chimene sindinadziwe, mng'ono wanga wopanda khalidweyu sanazimitse foni. Anandilondola mpaka kuseri kwa nyumba, kumene ndimayesa ndili ndekha. Uona wekha zimene ndinachita kumeneko.

Ndinamuuza kuti afufute. Kenako ndinaganiza za mtsikana wako uja. Ukuti wasenza mbewu za mudzi wonse, ulendo wautali. Ameneyo avulala basi, palibe woyenda ulendo wotero osaponda paminga. Anyamata akowo akuti mkazi akavulala amalira mokometsera. Sanamuonepo. Pamene pali anthu amene akudalira iye, satsimphina. Amaluma mano m'kati, n'kufunsa anzake ngati adya. Amatsimphina akakhota pakona. Amagwira khoma, amapuma katatu, amapukuta kumaso. Akamva mapazi a munthu, amawongoka.

Sindikuti n'zanzeru. Dokotala wandiuza kale kuti si zanzeru. Ndikungoti ndi mmene zimakhalira. Tenga zonse ziwiri, koma nkhope yanga isaoneke, ndinali ndisanadzole.

Ndipo umupatse nkhata mwanayo.

Mayi ako,
Esnath

*

Cape Town
19 Malichi 2024

Okondedwa Amayi,

Bondo likupeza bwanji? Ndodo mukuigwiritsa ntchito, kapena mukuingitsira nkhuku? Moni kwa abambo ndi amayi aang'ono.

Kanema wanu, mbali yachiwiri ija, ndinakanika kuionera kawiri tsiku loyamba. Ndinatuluka panja. Tsiku lachiwiri ndinakhala pansi n'kuyamba ntchito. Ndinaona kuti musanagwire khoma mumayamba mwachewuka. Kachewukidwe kameneko kanandidyera masiku awiri kuti ndikapeze bwino.

Lachisanu ndinaonetsa. M'chipindamo munali anthu khumi ndi awiri, akazi tinalimo awiri. Talandira analowa atavala chitenje chomangira m'chiuno, malaya a mikono, nkhata pamutu, nsapato zamphira. Anayenda pamatope, mutu osagwedezeka. Kenako anagwa pamwala n'kudzuka, anthu a m'mudzi mwake akumuyang'ana, iye n'kupitiriza ngati palibe chachitika. Atalowa yekha m'nkhalango, anachewuka, anagwira mtengo.

Mnyamata wina anakweza dzanja. "Pali cholakwika apa. Kutsimphinako kukumabwera n'kumachoka. Kompyuta ikuiwala kuti wavulala."

Ndisanayankhe, Doreen, mnzanga wosamala za mawu ndi nyimbo, anati, "Siikuiwala. Taonani nthawi imene kukubwera." Anabwereza kanemayo. A Peter anati tibwerezenso kachitatu. Kenako ananena motsitsa mawu kuti mayi awo anadwala chaka chathunthu iwo osadziwa, ali m'nyumba imodzi.

Alowa mugemu, Amayi. Sindinapambane zonse. Chiuno akuti tichikulitse pang'ono pokha, ndiye chakudya chizidutsa koma mopanikizika. Pachithunzi chotsatsira malonda akakamira kuti mchombo uoneke, nkhondo imeneyo ndimenya mwezi wamawa. Koma gogoda zapita, ndipo kayendedwe konse andipatsa ine kuti ndiyang'anire, ndi ka anthu ena a mugemumo.

Ndatumiza kachidutswa kuti muone. Ndi kachinsinsi ka kampani, musaonetse anthu. Amayi aang'ono, ndikunena inu.

Ndine mwana wanu,
Zione

*

Bwanje
7 Epulo 2024

Zione mwana wanga,

Moni. Tonse tili bwino. Bondo laphwa, ndikutha kulipinda mpaka theka. Mpunga wayamba kutulutsa ngala, mbalame nazo zayamba kubwera kudzaona. Udzabwera nthawi yokolola? Sindikufuna udzagwire ntchito, khosi lako tinamva kale mbiri yake. Ungodzadya watsopano.

Kachinsinsi kako Anjelina anakasunga bwino. Anaonetsa anthu a pamzere wa tomato okha, ndi a pamzere wa usipa, ndi makondakitala awiri. Akuti amayi a pamsika anakangana. Ena akuti chitenje wamangira kumanzere ngati mlendo. Ena akuti mwanayo ndi woonda, kwawo kunali njala chigumula chisanabwere. Koma pa kayendedwe palibe anatsutsa. Mayi wina wogulitsa nthochi akuti anangoti, "Ameneyu ndi wa kusikimu."

Ine ndinaonera pakhonde Lamlungu titachoka kutchalitchi. Wavala bwino, tasiya kumutchula dzina lija. Kuona munthu wosakhala iwe akuyenda ndi miyendo yako ndi chinthu chachilendo. Ndinachita manyazi pang'ono, ndinanyadanso pang'ono.

Abambo ako anali pambali panga. Poyamba amayankhula, ati dengu ili ndiye la nsungwi lenileni. Mtsikana uja atagwa n'kudzuka, anati, "Waona, walimba ngati iwe." Kenako analowa m'nkhalango muja, anachewuka, anagwira mtengo. Abambo ako anamuuza Anjelina kuti abwezere. Anaonera kachiwiri.

"Izi Zione wazitenga kuti?"

Anjelina, pakamwa pake posatseka paja, anawaonetsa kanema wa kuchipatala. Anali asanamuonerepo, ndinali nditaletsa.

Atatha anandifunsa, "Ndi pakhomo pano pomwe umatero?"

Ndinati nthawi zina.

"Pati?"

Ndinati kuseri kwa nkhokwe, ndi panjira ya kumjigo, pamene pali chulu paja.

Anadzuka n'kupita kukaona mbuzi za a Silvesta, zimene tsiku limenelo sizinalakwe chilichonse.

M'mawa mwake ndinadzuka ndowa palibe. Ndimayesa aba. Ndili mkati mofunafuna, ndinawaona akubwera panjira ya kumjigo, ndowa ili pamutu, agwira ndi manja awiri, ana a sukulu akuwatsatira m'mbuyo. Zaka makumi atatu ndi ziwiri za ukwati, sindinaonepo. Akuti kumjigo amayi anawapatsa malo kutsogolo kwa mzere kuti awaonere bwino posenza. A Silvesta anawafunsa ngati ayambenso kuvala chitenje.

Lero ndi sabata yachiwiri. Amapita kawiri m'mawa uliwonse. Amafika ndowa ili theka, malaya ali chonyowa mpaka m'chiuno, ndipo madziwo sakwanira ndi kutsuka mbale komwe. Anjelina akuti ndiwauze asiye, tizituma wa njinga ya zigubu.

Sindinawauze.

Ndine mayi ako,
Esnath